Ndinanyamula Milungu Itatu Kupita ku Dwangwa

Ndinanyamuka ku Kota Kota m'mawa, nyengo ya mwera, patapita zaka ziwiri nkhondo itatha. M'chikwama changa cha usilikali munali malaya amodzi, chinangwa chootcha, ndi milungu itatu ya ku Iguputo yokulungidwa m'masokosi. Mkazi wanga Marita anandiperekeza mpaka padoko akung'ung'udza njira yonse.

"Anzanu akamapita kumlandu amanyamula nkhuku," anatero. "Inu mwanyamula galu wadothi."

"Si galu, ndi nkhandwe."

"Mukawauze zomwezo, akakuomberani m'manja."

Mlanduwo unali wa Matiya, mnzanga amene tinkayendetsa naye malole a asilikali mpaka ku Iguputo. Atabwerako anakapitiriza chikamwini kwa mkazi wake, kutsidya kwa mtsinje wa Dwangwa. Uthenga unandipeza kudzera kwa munthu wogulitsa nsomba zouma. Mlamu wake wa Matiya, Sandalamu, anagwidwa ndi ng'ona akuvuula miono, ndipo abale atasanthula bokosi la Matiya anapezamo kachifanizo ka munthu wa mutu wa ng'ona. Kwathu kunyanja kuno munthu woweta ng'ona n'kumaituma kwa adani ake safuna kumufotokoza kawiri. Abale anali atapangana zokumana sabata isanathe, ndipo akampeza wolakwa anali woti apatsidwe mkeka wake ndi nkhwangwa, azipita. Mkazi ndi ana atatu akanatsala, poti ana ndi a kwa mayi wawo. Kwawo kwa Matiya kunali kutatsala manda okhaokha.

Kachifanizoko ndinkakadziwa bwino chifukwa tinagula limodzi, pafupi ndi mapiri a miyala aja amene mafumu akumeneko anadzimangira kuti akagonemo akafa. Wogulitsa analumbira pa maso ake awiri kuti anakafukula yekha m'manda a Farao. Ine nditazungulira kuseri kwa nyumba yake kukataya madzi, ndinapeza mkazi wake akutulutsa milunguyo mu uvuni, mizeremizere ngati zitumbuwa, kenako n'kumaipaka phulusa ndi ndowe za bulu kuti ioneke yakale. Matiya anapereka ndudu zingapo natenga wa mutu wa ng'ona, dzina lake Sobeki. Ine ndinatenga atatu chifukwa ukagula ambiri ankatsitsa mtengo. Nzeru yanga tsopano inali yapafupi: ndikayale anga atatuwo pamaso pa akuluakulu, aone okha kuti ndi malonda a pamsika ngati mbale za kwa Mmwenye, Matiya atsale ndi ana ake.

Masiku amenewo msewu wa m'mbali mwa nyanja kunalibe. Wopita ku Dwangwa ankasankha pakati pa miyendo yake ndi chombo cha thanga, poti sitima inkabwera ikafuna yokha. Ndinakwera chombo cha a Sefu, Msilamu wa ndevu zoyera amene anandilipiritsa sheleni ndi sikisi. Munali matumba a mchere, mbuzi imodzi yomangidwa miyendo, ndi Abiti Saidi, mayi wolima mpunga amene ankapita kukaona mwana wake. Mwera unali kumbuyo kwathu, moti tisanakhale bwinobwino mitengo ya mango ya pa boma inali itayamba kuchepa.

Mbuzi ndiyo inandiulula. Inadzigubuduza n'kugonera chikwama, ine poopa kuti mboni zanga zasweka ndinamasula kuti ndione. Wa mutu wa nkhandwe anasuzumira m'sokosi, makutu ali njo.

"Asitagafiru," anatero a Sefu. "Mafano m'chombo changa?"

"Ndi tizidole ta ku Iguputo, bambo."

"Ku Misiri? Kwa Firauni, uja anamira m'nyanja ndi asilikali ake onse?" Anayang'ana mafunde, n'kuyang'ananso ine. "Munthu wodziwika ndi kumira, inu n'kutenga katundu wake kukwera naye chombo nyengo ya mwera. Nzeru zimenezi munaphunzira kumishoni?"

Ndinawauza kuti ndi dothi chabe. Anati ngati ndi dothi tiliponye m'madzi chombo chipepuke, koma ngati ndi milungu ilipire ngati anthu. Ndinalipira tiki pa mutu uliwonse, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mbuzi inakwera ulere.

Abiti Saidi sanachite mantha. Anafuna kudziwa ntchito ya nkhandweyo, ndiye ndinawafotokozera monga anatiuzira munthu wotionetsa makachisi kumeneko. Dzina lake ndi Anubisi. Munthu akafa, Anubisi amatenga mtima wake n'kuuika pa sikelo, mbali inayo n'kuikako nthenga. Mtima ukalemera kuposa nthenga, chilombo chimene chimadikira pambali chimaumeza, nkhani yako n'kuthera pompo.

"Nanga wolemba ndani?" anafunsa.

Ndinatulutsa wachiwiri, wa mutu wa mbalame ya mlomo wautali wokhota. "Uyu, Toti. Ndiye kalaliki wawo."

"Basi ndi msika wa mpunga umenewo," anatero. "Nkhandwe pa sikelo, kalaliki pambali. Mwati wopambana ndi wa mtima wopepuka? Adzabwereke sikelo ya kwathu, tonse tikapambana. Ine thumba limene limathyola msana pa mutu panga, likafika pamenepo limapepuka lokha."

A Sefu anaseka mosafuna, kenako anakumbukira kuti akwiya.

Dzuwa lili pamutu tinadutsa pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Madzi anali ofiira, ndipo pa mchenga panali ng'ona zingapo zikuwothera dzuwa, kukamwa kuli yasa. Ndinaziyang'anitsitsa kuti ndione ngati pali imene ikuoneka kuti ili ndi chibale ku Iguputo. Zonse zinkaoneka za konkuno, zaulesi ndi zopanda ulemu. Kuchoka pamenepo mwera unakula. Mbuzi inayamba kulira, Abiti Saidi anasiya nthabwala n'kuyamba kubweza zimene anadya m'mawa, ndipo madzi ankalowa mofulumira kuposa mmene tinkakapira. Dzuwa litapendeka a Sefu anakocheza ku Liwaladzi nati sapitirira. Nditawafunsa za ndalama ya njira yotsalayo anati mphepo si yawo, ndikafunse kwa Firauni.

Ndinayamba wapansi. Njira inkadutsa m'mchenga wotentha, m'mabango, ndi m'minda ya mpunga yokololedwa kale, ziputu zake zikubaya. Nsapato za usilikali zimene zinaponda chipululu osadandaula zinayamba kundiluma pa Liwaladzi. Ndinapempha malo ogona kwa msodzi wina, a Lameki, munthu amene sindinamuonepo, ndipo anandilandira monga ankachitira anthu kale. Tinadya mpunga ndi mlamba wootcha. Mkazi wawo anali ndi pakati potopa, ndiye ine pofuna kulipira chakudya ndi nkhani ndinatulutsa mulungu wachitatu.

Ameneyu ndi Tawereti, mvuu yaikazi yoimirira ndi miyendo iwiri, mimba ili patsogolo, mawere ali lende. Kunena zoona amafanana ndi azakhali anga ena amene sindiwatchula. Ndinati ku Iguputo ameneyu ndiye anali mzamba wa milungu, amayi ankamuitana tsiku lochira. Mayiyo anapukuta manja m'nsalu napempha kuti amugwireko. Anasisita kamimba kadothiko ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, osaseka. A Lameki nkhope inagwa.

"Mvuu zandithera munda wa mpunga chaka chino," anatero. "Ndagona m'dambo mwezi wathunthu ndikuimba chitini. Lero inu mwandibweretsera mayi wawo m'nyumba."

Ine anandipatsa mkeka m'nyumba, koma chikwama chinagona panja, pansi pa nkhokwe, atachivundikira ndi dengu.

M'mawa ndinapitirira. Kumene lero kuli nzimbe kunali madambo, udzudzu ndi matope ofika m'mawondo. Ndinadya chinangwa changa ndikuyenda, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinaima pagombe la Dwangwa. Wowolotsa anali bambo wa kalankhulidwe ka kumpoto, bwato lake lopapatiza moti ndinakhala mokhota. Anandilipiritsa makobidi awiri nati, "Yewo, ada." Tili pakati pa mtsinje anafunsa kumene ndinkapita, ndinamuuza kuti kwa a Mangulenje.

"Kuja kuli msilikali woweta uja?"

"Woweta chiyani?"

"Pamadzi sititchula, ada." Analoza pansi ndi chibwano. "Yake ija imamva Chizungu. M'mawa amaichititsa pelete pamchenga, lefuti, raiti. Akuti imamwa tiyi wa shuga, ndipo ikagwira munthu imakapereka sawasha kwa bwana wake."

Mtima unandiwira. Ndinafuna kumuuza kuti Matiya ameneyo ankalephera pelete yake yomwe, moti sajeni ankamutcha bakha. Koma madzi anali akuda, bwato linali kugwedezeka, ndipo nkhafi inali m'manja mwa iyeyo. Ndinangochotsa dzanja langa m'mphepete mwa bwato n'kuliika pamiyendo.

Matiya ndinampeza kuseri kwa nyumba yake atakhala pa chitsa, manja ali m'khosi. Anali atawonda, ndevu zili nyankhalala. Pabwalo panalibe mwana kapena nkhuku. Ana anali atawatengera kwa agogo awo, ndipo mkazi wake Egenesi ankangoyenda pakati pa nyumba ziwirizo osadziwa kokhala.

"Barnaba, wabweradi," anatero.

"Ndabwera. Tandiuza, chinthu chinali m'bokosi mwako anachidziwa bwanji?"

Anayang'ana pansi. Nkhani yake inatuluka pang'onopang'ono. Atabwera kunkhondo, mendulo ili pachifuwa, anapeza kuti pamudzi pa mkazi akadali mkamwini, wotumidwa kukamanga nkhokwe za apongozi. Kalekale anali atamupatsa munda wa kumapeto, ndipo Sandalamu chaka ndi chaka ankasuntha malire. Tsiku lina pamowa Matiya anatulutsa Sobeki, namuika pakati, nati, "Uyu amandimvera." Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Malire anabwerera pamalo pake okha. Asodzi ankamusiyira nsomba pakhomo. Zinamukomera chaka chathunthu, mpaka anakangananso ndi Sandalamu pa za madzi a m'munda, Matiya n'kunena kuti, "Udzaona." Mwezi usanathe ng'ona inamugwira.

Ndinamukalipira, sindibisa. Ndinati chipolopolo chinakulephera ku nkhondo, wadzadziwombera wekha ndi pakamwa. Iye ankangoyang'ana kutsidya kwa bwalo, kumene kamtsikana kake kotsiriza, Rute, kanali kusuzumira kuseri kwa nkhokwe ya agogo ake. Kanakweza dzanja pang'ono, wina anakakoka kumbuyo. Pamenepo mkwiyo wanga unatha, ndinamumvera chisoni.

Bwalo linakumana m'mawa mwake pansi pa mtengo wa mango. Woweruza anali a Mangulenje, malume ake a Egenesi ndi a malemu Sandalamu, mwini mbumba. Ndinkayembekeza chimunthu cha maso ofiira, koma ndinapeza kankhalamba kakafupi, koseka msanga, fodya wa m'mphuno ali m'kachitini. Sobeki anali atamuika pa mtondo wovundikira pakati pa bwalo, ndipo anthu anamusiyira malo aakulu kuposa amene amasiyira bwana wa boma. Kumbali ya amayi kunali Nankhoma, mkazi wa malemu, mutu wometa, maso ali pansi. Mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ya kufupi, a Yohana, nawonso anabwera, kolala yawo ili yoyera.

Atandipatsa mpata ndinayala mkeka, ndinamasula masokosi, n'kuimika Anubisi, Toti ndi Tawereti pamzere. Anthu a kutsogolo anabwerera m'mbuyo ndi matako.

"Uyu ndiye wabwera ndi khola lonse," anatero wina kumbuyo.

Ndinafotokoza za wogulitsa uja, za uvuni, za phulusa ndi ndowe za bulu. Ndinati msilikali aliyense wa ndudu m'thumba ankagula, Azungu ankagula, ndipo palibe amene anagwidwa ndi ng'ona ku Mangalande. A Mangulenje anamvetsera akugwedeza mutu mwaulemu.

"Mwati anaumba ndi munthu," anatero. "Nanga mtanda uli m'tchalitchi mwanu anasema ndani?"

"Kalipentala, bambo."

"Ndiye ndi nkhuni chabe? Tingakolezere moto?"

Ndinayang'ana a Yohana kuti andithandize, koma iwo anali kuyang'ana mango osapsa m'mwamba. Ndinaona kuti mfundo imeneyi yamira, choncho ndinatulutsa imene ndinkaidalira kwambiri, imene ndinaikonza njira yonse kuchokera ku Liwaladzi.

"Akuluakulu," ndinatero, "milungu imeneyi inafa kalekale. Kale inalidi ndi ulemu, sindikana. Uyu Sobeki anali ndi kachisi wamkulu kuposa boma la Kota Kota, pambali pake pali dziwe, m'dziwemo muli ng'ona yake yamoyo. Ankaiveka ndolo ndi zigwinjiri zagolide. Ansembe ankaitsegula kukamwa n'kumaidyetsa nyama yootcha, buledi ndi chakumwa cha uchi. Ikafa ankaikulunga m'nsalu n'kuiika ngati mfumu. Koma eni ake anaitaya. Lero anthu a ku Iguputo ndi Asilamu ndi Akhristu ngati ife. Makachisi ndi mabwinja, mumagona mbuzi, Azungu n'kumajambulamo zithunzi. Papita zaka zoposa chikwi palibe amene anapatsa Sobeki ngakhale njere imodzi ya mpunga. Ndiye mukuopa chiyani?"

Ndinakhala pansi ndikudzimva kuti ndalankhula. A Mangulenje fodya anali atamuimitsa pakati pa chitini ndi mphuno.

"Tabwerezani, a Barnaba. Mwati sanadye kuyambira liti?"

"Zaka zoposa chikwi, bambo."

"Munthu wozolowera nyama ndi uchi?"

"Eya, koma chimene ndikunena n'chakuti..."

Anandiimitsa ndi dzanja natembenukira kwa Matiya. "Mkamwini, chibwerereni kuno, mlendo wakoyu unampatsako kanthu?"

"Ayi, bambo. Ine ndine Mkhristu."

"M'bokosimo ankakhala ndi chiyani?"

"Masokosi ndi mendulo."

Kumbali ya amayi kunamveka kudandaula, kuja amachita akamva kuti mwana wamasiye wagona ndi njala. Mayi wina anagwira pakamwa. Wina anati, "Ndiye njala yake inali yotani?"

"Ife kuno," anatero a Mangulenje, "makolo athu tikangowaiwala chaka chimodzi, mwana amadwala, nsomba zimathawa. Amenewo ndi athu, amatidziwa maina, amatikhululukira. Uyu ndi mlendo. Eni ake anamutaya, inu mwamutola, mwamuwolotsa nyanja zamchere, mwadzamutsekera ndi masokosi m'mphepete mwa mtsinje wodzaza abale ake. Mumati achite chiyani?" Anakoka fodya uja, nayetsemula, namwetulira kwa ine. "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. A Barnaba, mwatithandiza."

Akuluakulu anapita kuseri kukanong'onezana, ndipo sanachedwe. Chigamulo chinali chotere. Mfiti imadziwa kudyetsa chiweto chake, pakuti ndi mmene imachilamulira. Munthu amene wasunga ng'ona zaka ziwiri osadziwa n'komwe kuti imadya si mfiti, ndi chitsiru. Mfiti amaithamangitsa, chitsiru amachiphunzitsa. Choncho Matiya sanatume ng'ona kwa Sandalamu, inadzituma yokha ndi njala. Amange kachisi kakang'ono pagombe, aikemo mlendo wake, athire nsembe lero lomwe, ndiponso chaka chilichonse mpunga ukalowa m'nkhokwe. Za kuchoka pamudzi aiwale, chifukwa akachoka, mlendoyo azidzamudyetsa ndani?

Ndinadzuka kuti nditsutse. Ine ndinayenda ulendo wonsewu kudzanena kuti ndi dothi, ndipo linalidi dothi, ndinaliona likutuluka mu uvuni ndi maso angawa. Koma Matiya anandiponda phazi ndi mphamvu, pomwe nsapato inandiluma, ndipo Egenesi anandiyang'ana kuchokera kumbali ya amayi ndi maso amene sindinawaiwale. Ndinakhalanso pansi.

A Yohana anasendera kwa Matiya. "Mukathira nsembe imeneyi ndiyenera kukanena kwa Padre," anatero motsitsa mawu. "Mukudziwa chimene chidzachitike. Mgonero simudzalandira, muzidzakhala kumbuyo pakhomo ndi osabatizidwa."

Matiya anali munthu wa tchalitchi kuposa ine. Ku chipululu ankatidzutsa Lamulungu kuti tiimbe nyimbo, ife tikufuna kugona. Anayang'ana kumene kunali ana ake.

"Kaneneni, aphunzitsi," anatero. "Padre ana alibe."

Kachisiko anakamanga masana omwewo, ka mitengo inayi ndi udzu, kotalika ngati khola la nkhunda. Kenako panabuka mkangano wa zimene munthu wa ku Iguputo amadya. Wina anabweretsa ufa wa kondowole, amayi anaukana, ati mlendo wosazolowera angatsamwe nawo n'kukwiya koposa. Nyama yootcha panalibe amene anali wokonzeka kupereka. Anagwirizana pa ufa wa mpunga ndi kauchi kamene munthu wina anasungira chifuwa. Ine ndinali kukulunga anga atatu mwakachetechete pamene a Mangulenje anandigwira mkono.

"Nanga awa adya liti?"

"Awa sadya, bambo."

"Ndi zimene ankanena mnzanu. Simuwoloka nawo mtsinje wathu ali ndi njala."

Motero anawaimika onse anayi pagombe la Dwangwa: ng'ona, nkhandwe, kalaliki ndi mvuu ya pakati, akuyang'ana mabango. Matiya, msilikali wa mfumu ya ku Mangalande, anagwada m'matope, anthu akuomba m'manja pang'onopang'ono kumbuyo kwake. Anatapa ufa, nauthira patsogolo pa kadothi kamene anagula ndi ndudu, nati, "Pepani, alendo. Sitinadziwe. Idyani, mutisiyire anthu." Ndinaganiza za mayi uja wa pa uvuni, kuti akanaona zitumbuwa zake zikulandira ulemu wotere akanakweza mtengo, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Agogo ake a Rute, amene anali atamugwira dzanja, anamumasula. Mwanayo anathamanga n'kukakwera kumsana kwa bambo ake iwo akadali chogwada, matope ndi ufa zili paliponse.

Anthu atayamba kubalalika, Nankhoma anabwera. Tsiku lonse anali asanalankhule. Anaima patsogolo pa kachisi, nayang'ana kamulu ka ufa kaja nthawi yaitali.

"Ndi umenewu basi?" anafunsa.

"Ndi umenewu, mayi," anayankha a Mangulenje.

"Wa dzanja limodzi," anatero Nankhoma.

Anatembenukira kwa Matiya. Ndinkaganiza kuti amulavulira, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Koma mawu ake analibe mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Alamu, mukanandiuza," anatero. "Ufa ndinali nawo."

Kuseka konse kunandithera pomwepo. Ndinkadziwa kuti ufa wa m'nkhokwe zonse za Dwangwa sukanabweza ng'ona ija, kuti inagwira Sandalamu chifukwa anali m'madzi ndipo iyo inali ng'ona. Mawu amenewo akanamuchotsera mayiyo mtolo umene tinali titangomusenzetsa. Koma mawu omwewo akanatsegulanso mlandu, ndipo Rute anali atagwira khosi la bambo ake ndi manja awiri. Ndinatseka pakamwa, Matiya nayenso anatseka pake, misozi ikutsika m'ndevu.

Ndinabwerera wapansi njira yonse, poti chombo chobwerera kummwera nyengo ya mwera sichipezeka. Panjira palibe amene ndinamuonetsa za m'chikwama, ndipo kuyambira pamenepo sindinazitulutsenso kuti ndisekeretse alendo. Ndinapita ku Dwangwa kukanena zoona kuti mnzanga apulumuke, koma anapulumuka ndi chinthu chimene sichinali choona, ndipo mtengo wake analipira munthu amene sanalakwe kanthu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kukhala chete.

Matiya anakhala pamudzipo mpaka imfa yake, ana ake anakulira pamaso pake. Kutchalitchi anakhala pakhomo zaka zingapo asanamubwezere mkati. Chaka chilichonse mpunga ukalowa m'nkhokwe ankatsikira kugombe kukathira nsembe, monga anagamulira. Ufa wake ankasinja ndi Nankhoma, lichero lodzaza, ndipo sankalola kuti wina amuthandize.